Denis Burkitt, dokotala wa diso limodzi amene adalondola khansa ya ana ndi mapu

Munthu akaima pa Kameza m'mamawa amaona maminibasi akukwera chitunda kuchokera ku Chileka, ena akutulukira msewu wa ku Lunzu, Lirangwe ndi Zalewa, onse kuthamangira m'tauni. Mwa okwera m'menemo, tsiku lina mumapezeka mayi atafukata mwana wa zaka 6 kapena 7, atamufunditsa chitenje kumutu ngakhale kunja kukutentha. Chimene akubisa ndi tsaya. Mwezi wathawu lidali tsaya wamba, koma lero latupa, mano akugwedera, ndipo diso layamba kutong'oka. Ulendo wawo ndi wa ku chipatala cha Queen Elizabeth, chija ambirife timachitcha Gulupu, ndipo kumeneko madokotala akalemba pakhadi la mwanayo dzina la mzungu amene mayi ake sadamumvepo: Burkitt.

Mwini dzinali adadutsa m'dziko muno mu 1961, likadali Nyasaland, pa galimoto yakutha, akufunsa chipatala ndi chipatala ngati adaonapo ana a zotupa zotere. Adapeza kuti nthendayi idali yofala m'mphepete mwa nyanja ndi m'chigwa cha Shire, koma inkasowa kumalo okwera kuposa mafiti 3,000, omwe ndi mamita pafupifupi 900. Bwalo la ndege la Chileka lili pa mamita pafupifupi 780, pamene pakati pa mzinda wa Blantyre n'poposa mamita 1,000. Ndiye kuti malire amene munthuyu adawapeza amadutsa penapake pa chitunda chomwechi chimene maminibasi amakwera tsiku ndi tsiku. Nanga khansa imadziwa bwanji kukwera ndi kutsika kwa dziko? Funso limeneli ndilo lidatsegula njira yotulukira kachilombo koyamba kodziwika kuti kamatenga nawo mbali poyambitsa khansa mwa munthu.

Denis Parsons Burkitt adabadwa pa 28 February 1911 ku Enniskillen, m'chigawo cha Fermanagh kumpoto kwa chilumba cha Ireland. Bambo ake, James Burkitt, adali injiniya woyang'anira misewu ndi milatho ya m'chigawocho, koma mtima wawo udali pa mbalame. Ankakola timbalame totchedwa robin, n'kutiveka timphete m'miyendo kuti azitha kuzindikira kalikonse pakokha, kenaka ankalemba pamapu malire a dera limene kambalame kalikonse kankalamulira. Mwanayo adakula akuona bambo ake akuwerenga zinthu, kuzilemba ndi kuziika pamapu, ndipo chizolowezi chimenechi adakalamba nacho.

Ali ndi zaka 11, mwala woponyedwa pa mkangano wa ana asukulu udamuswera magalasi, ndipo diso lake lakumanja lidawonongekeratu. Moyo wake wonse adayenda ndi diso limodzi, linalo lili loikirira. Kusukulu sadali wa m'gulu la ochenjera kwambiri. Mu 1929 adalowa ku Trinity College ku Dublin kuti akaphunzire za uinjiniya monga bambo ake, koma atalowa m'kagulu ka ophunzira okonda kupemphera ndi kuwerenga Baibulo, adamva kuti maitanidwe ake ali ku udokotala. Adamaliza maphunzirowo mu 1935, ndipo mu 1938 adapambana mayeso a madokotala a opaleshoni ku Edinburgh.

Chimene ankafuna chidali kukagwira ntchito ku Africa, koma ofesi yoyang'anira maiko a atsamunda a Britain idamukana, ndipo chimodzi mwa zifukwa zake chidali diso lija. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ndiyo idamutsegulira khomo. Adalowa usilikali ngati dokotala, adatumizidwa ku Kenya ndi ku Somaliland, ndipo kumeneko adaonetsa kuti munthu wa diso limodzi amatha kuchita opaleshoni bwinobwino. Mu 1943 adakwatira Olive Rogers, namwino, ndipo awiriwa adabereka ana aakazi atatu. Nkhondo itatha boma lidamulola, ndipo mu 1946 adafika ku Uganda.

Adayambira ku Lira, m'boma la Lango. Kumeneko chizolowezi cha bambo ake chidaonekera msanga. Pochita maopaleshoni a phudzi, adayamba kulemba kumene wodwala aliyense ankachokera, ndipo adaona kuti nthendayo idali yochuluka kwambiri kum'mawa kwa bomalo kusiyana ndi kumadzulo. Pambuyo pake zidadziwika kuti gwero lake ndi tinyongolotsi tofalitsidwa ndi udzudzu. Mu 1948 adasamutsidwira ku chipatala chachikulu cha Mulago ku Kampala.

Mu 1957 dokotala mnzake, Hugh Trowell, adamuitana kuti adzaone mnyamata wa zaka 5 amene nsagwada zake zidatupa mbali zonse, kumwamba ndi kumunsi komwe. Burkitt adamujambula chithunzi, adalemba zimene adaona, koma padalibe chimene akadachita, ndipo mwanayo adamwalira. Patangopita milungu yochepa, ali pa ulendo ku chipatala cha ku Jinja, adasuzumira pawindo n'kuona mwana wina wa nkhope yotupa chimodzimodzi. Pomupima adapeza kuti m'mimba namonso muli zotupa. Dokotala wotanganidwa akadangoti zangochitika. Burkitt adabwerera ku Mulago n'kuyamba kufukula mafaelo akale, ndipo adaona kuti ana amene m'mabuku adalembedwa kuti ali ndi khansa ya nsagwada, ena ya diso, ena ya impso, ena ya timatumba ta mazira, onse ankadwala nthenda imodzi yotulukira m'malo osiyanasiyana. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mu 1958, chaka chimene chipatala cha Gulupu chidatsegulidwa, adafalitsa nkhani ya ana 38 m'magazini ya British Journal of Surgery. Anthu ambiri sadailabadire. Ngakhale mtundu wa khansayo adauphonya, chifukwa iye adali munthu wa mpeni, osati wa maikulosikopu. Gregory O'Conor, katswiri wopima minofu pa Makerere, ndiye adatsimikiza kuti ndi lymphoma, kutanthauza khansa ya maselo oyera a m'magazi amene amateteza thupi ku matenda. Tisaiwalenso kuti nthendayi siidayambe tsiku limene Burkitt adaiona. Albert Cook, mmishonale amene adayambitsa chipatala cha Mengo ku Kampala, adajambulapo ana otere m'mabuku ake kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, ndipo makolo a kuno adaika m'manda ana otupa masaya kwa mibadwo yosawerengeka dzina lachizungulo lisadabwere. Chatsopano chimene Burkitt adabweretsa chidali kulumikiza zidutswazo ndi kufunsa kuti nthendayi imapezeka kuti, nanga imathera pati.

Ndalama zofufuzira adali nazo zochepa zomvetsa chisoni. Ndi thandizo la mapaundi 25 adasindikiza timapepala tokhala ndi zithunzi za ana odwalawo n'kutitumiza pa positi ku zipatala za boma ndi za mishoni mu Africa yense. Mayankho akamabwera ankabaya timisomali pamapu amene adapachika pakhoma. Timisomalito tidapanga lamba wodutsa pakati pa Africa kuchokera kumadzulo mpaka kum'mawa, ndi mchira wotsika m'mbali mwa nyanja ya mchere kulowera ku Mozambique. Kuti adziwe pothera pa mchirawo, mu October 1961 adanyamuka ku Kampala pamodzi ndi anzake awiri, Ted Williams wa pa chipatala cha mishoni cha Kuluva ku Uganda ndi Cliff Nelson wa ku Canada amene ankagwira ntchito ku Tanganyika. Pa galimoto yakale ya Ford adayenda makilomita pafupifupi 16,000 m'milungu 10, kuyendera zipatala zoposa 50, kudutsa ku Tanganyika, Northern Rhodesia, Nyasaland, Mozambique, Swaziland mpaka ku South Africa, n'kubwereranso.

Ankafuna mzere woongoka, koma sadaupeze. Adapeza kuti malire ake amasintha: kufupi ndi Uganda nthendayi inkafika mpaka pa mafiti 5,000, kuno kwathu inkathera pa 3,000, ndipo ku Swaziland inkapezeka m'zigwa zosapitirira 1,000. Munthu akamapita kummwera kuzizira kumayambira pansi, choncho chimene chinkaika malire sichidali phiri ayi, koma kutentha. Nthendayi sinkapezeka kumalo kumene m'nyengo yozizira kumazizira kufika pansi pa madigiri 15. Ulendo wina wa kumadzulo kwa Africa udaonjezera mfundo yachiwiri, yakuti kumalo ouma, kolandira mvula yosakwana mamilimita 500 pachaka, nakonso inkasowa. Alexander Haddow, katswiri wa tizilombo pa malo ofufuzira a ku Entebbe, ataona mapuwo adazindikira kuti akufanana ndi mapu a matenda ofalitsidwa ndi udzudzu ndi tizilombo tina toluma. Ganizo lidabadwa lakuti mwina pali vairasi imene udzudzu umanyamula, ndipo ndiyo ikuyambitsa khansayi.

Ganizo limeneli lidali litamufikira kale munthu wina ku London. Pa 22 March 1961, miyezi ingapo ulendo wautali uja usadayambe, Burkitt ali pa tchuthi adakayankhula ku Middlesex Hospital. Mwa omvera mudali Anthony Epstein, wasayansi amene ankafufuza vairasi yoyambitsa khansa mwa nkhuku. Nthawi imeneyo akatswiri ambiri ankaona ganizo lakuti vairasi ingayambitse khansa mwa munthu ngati nthabwala. Epstein atamva zoti pali khansa yotsata kutentha ndi mvula, adasiya nkhuku zake, ndipo adapangana ndi Burkitt kuti azimutumizira tizidutswa ta zotupa pa ndege kuchokera ku Uganda.

Kwa zaka zoposa ziwiri sipadatuluke kanthu. Kenaka mu December 1963 ndege imene idanyamula kabotolo kena idalephera kutera ku London chifukwa cha chifunga, idakatera ku Manchester, ndipo kabotoloko kadafika mochedwa madzi ake atachita mbuu. Aliyense akadaganiza kuti zaola n'kutaya. Epstein adaikako dontho pa maikulosikopu, ndipo adaona kuti chimene chidadetsa madziwo adali maselo amoyo a khansa, amene adayoyoka ku chotupacho ndi kugwedezeka kwa pa ulendo n'kumayandama paokhapaokha. Pamenepa adapeza njira yowalerera: osawamatiza pa mbale monga ankachitira kale, koma kuwasiya aziyandama. Iye ndi wophunzira wake Yvonne Barr, nayenso wa ku Ireland, adakwanitsa kuwachulukitsa, ndipo mu February 1964, mothandizana ndi Bert Achong wa ku Trinidad, adaona pa maikulosikopu yamphamvu tinthu tooneka ngati mavairasi a banja la herpes, banja lomwe lija la katsabola, mashingozi ndi tizilonda ta pamilomo. Nkhaniyo idatuluka m'magazini ya The Lancet pa 28 March 1964, ndipo kachilomboko kadatchedwa Epstein-Barr, mwachidule EBV.

Apa nkhani idakhota. Werner ndi Gertrude Henle, banja la asayansi ku Philadelphia, adakonza njira yoyezera magazi kuti adziwe amene adakumanapo ndi kachilomboka. Ana onse odwala khansa ya Burkitt adapezeka nako, monga ankayembekezera. Koma kadapezekanso mwa ana athanzi a ku Africa, ndiponso mwa akuluakulu ambiri a ku America amene sadapondepo dziko lotentha. Mu 1967 mtsikana wogwira ntchito mu labotale yawo adadwala nthenda ya kutentha thupi, zilonda zakukhosi ndi mwanabele, imene azungu amaitcha nthenda ya kupsompsonana, ndipo magazi ake, amene kale adalibe chizindikiro cha EBV, adapezeka nacho. Kachilomboka sikankayenda ndi udzudzu. Kamayenda m'malovu, ndipo mwa akuluakulu 10 alionse pa dziko lapansi, oposa 9 ali nako. Kuno kwathu ana ambiri amakatenga asadakwanitse zaka 3, kudzera m'zinthu za tsiku ndi tsiku monga supuni imene mayi walawira phala, kapu yomwerana kapena chakudya chotafuniridwa, ndipo nthawi zambiri sadwala n'komwe. Inu amene mukuwerenga nkhaniyi mwina muli nako, ndipo sikadzakuvutani.

Ndiye kuti Burkitt adaphonya. Koma mapu ake sadaname, ndipo udzudzu udalimo ndithu m'nkhaniyi, kungoti katundu amene unkanyamula adali wina. Wasayansi wa ku America, Gilbert Dalldorf, adali atanenapo kuti mwina ndi malungo. Umboni udayamba kuunjikana. Ku Zanzibar ndi ku Kinshasa, kumene kudachitika ntchito yaikulu yolimbana ndi udzudzu, khansayi idali yosowa ngakhale kuli kotentha ndi konyowa. Ku Papua New Guinea, kutali ndi Africa koma kwa malungo ambiri, idali yofala. Burkitt sadakakamire ganizo lake loyamba. Mu 1969 adalemba yekha kuti malungo obwerezabwereza ndiwo akufotokoza bwino lamba uja, ndipo kwa ine apa m'pamene pamaonekera ukulu wa munthuyu kuposa pa ulendo wa pa Ford.

Mmene ziwirizi zimagwirizanirana zidadziwika pang'onopang'ono, zina iye atamwalira kale. Kachilomboka kakalowa m'kamwa kamafika kukhosi, kumene kuli timagulu ta maselo oteteza thupi. Kamasaka maselo a mtundu wa B, amene ntchito yawo ndi kupanga zida zogwirira tizilombo zotchedwa ma antibody. Pa khungu lake kali ndi puloteni yotchedwa gp350 imene imakola pa kachingwe ka pa selo kotchedwa CD21. Kakagwira pamenepo, puloteni ina, gp42, imalowa pa loko wachiwiri, ndipo mapuloteni enanso amasungunula khungu la kachilomboko kuti liphatikane ndi la selo. Zikatero DNA yake imalowa mpaka m'chipinda cham'kati cha selo, mmene mumasungidwa malangizo onse a moyo wa seloyo, n'kudzipinda ngati mphete.

Mavairasi ambiri akalowa m'selo amaswana n'kuliphulitsa. EBV imachita zosiyana. Poyamba imatulutsa mapuloteni, monga EBNA2 ndi LMP1, amene amanamiza selo kuti laitanidwa ku nkhondo, ndipo limayamba kugawikana, mwana aliyense wa seloyo n'kutenga mphete yake. Asilikali ena a m'thupi, maselo a mtundu wa T, amazindikira chipwirikiticho n'kupha maselo ambiri ogwidwawo. Pamenepo kachilomboka kamazimitsa nyale zake n'kukhala chete m'maselo ochepa a B amene amakhala zaka zambiri, ngati lendi amene wadzitsekera m'chipinda chakuseri kuti mwini nyumba amuiwale. Mwa munthu wathanzi, pa maselo a B 1 miliyoni, okhala ndi kachilomboka sapitirira makumi ochepa. Nthawi ndi nthawi kamadzuka, n'kuswana kukhosi, n'kutuluka m'malovu kupita kwa munthu wina. Mtendere umenewu umatha kukhala moyo wonse.

Malungo ndiwo amausokoneza. Mwana wa ku Chikwawa, Mangochi kapena Nkhotakota amene amadwala malungo kangapo pachaka, thupi lake limakhala pa nkhondo yosatha. Maselo a T amene amalondera EBV amafooka, choncho maselo a B okhala ndi kachilomboka amachuluka. Komanso malungowo amakakamiza maselo a B kugawikana mosalekeza ndi kukonzanso zida zawo. Pokonza zidazo selo limagwiritsa ntchito puloteni yotchedwa AID, imene imadula ndi kusintha DNA mwadala kuti ma antibody akhale akuthwa. Ndi mpeni wofunika, koma ukagwira ntchito usana ndi usiku tsiku lina umadula polakwika. Malangizo a m'selo adamangidwa m'mitolo yotchedwa ma chromosome, ndipo pa mtolo wa nambala 8 pali langizo lotchedwa MYC, limene limauza selo kuti likule ndi kugawikana. Kachidutswa konyamula MYC kakaduka n'kukalumikizidwa pa mtolo wa nambala 14, kapena nthawi zina pa 2 kapena 22, kamakhala pafupi ndi malangizo opangira ma antibody, amene m'selo la B sazima. MYC nayo imayaka osazimanso. Asayansi adaona kusokonekera kwa mtolo wa 14 mu 1972, ndipo mu 1982 adatsimikiza kuti chimene chimasamukacho ndi MYC.

Ngakhale zitafika apa thupi limakhala ndi chitetezo chomaliza. Selo limene layamba kuthamanga chonchi limayenera kudzipha lokha, ndipo ambiri amaterodi. Koma selo limene muli EBV limakanika, chifukwa kachilomboka kamatsekereza malangizo a kudziphawo, monga langizo lotchedwa BIM. Zili ngati minibasi yotsetsereka ku Thabwa imene giya yake yakanirira, ndipo wina wadula mabuleki. Kuonjezera apo, m'maselo a khansayi kachilomboka kamangotulutsa puloteni imodzi yokha, EBNA1, yosunga mphete ija, ndipo imeneyi asilikali a m'thupi amavutika kuiona. Selo limodzi lotere ndilo limabala chotupa chonse. Maselo ake amatha kuwirikiza kuchuluka kwawo m'maola 24 mpaka 48, ndipo palibe khansa ina ya munthu yodziwika kuti imakula msanga kuposa imeneyi. Zonsezi kuti zikumane m'selo limodzi n'zapatalipatali, n'chifukwa chake mwa ana mamiliyoni okhala ndi EBV ndi malungo, odwala khansayi ndi ochepa. Mwa ana a m'lamba wa Burkitt, kachilomboka kamapezeka pafupifupi m'chotupa chilichonse, pamene ku Ulaya, kumene khansa yomweyi imagwa mwa apo ndi apo, zotupa zambiri zilibe.

Umboni wa ku Malawi ulipo. Kafukufuku wa ana ogonekedwa ku Gulupu, amene adafalitsidwa mu 2008, adapeza kuti ana amene magazi awo adaonetsa zizindikiro zambiri za EBV ndi malungo pamodzi adali pa chiopsezo choposa maulendo 10 poyerekeza ndi amene zizindikiro zonse ziwiri zidali zochepa. Izi zidagwirizana ndi kafukufuku wamkulu wa ku West Nile ku Uganda, kwawo kwa chipatala cha Ted Williams, kumene kuyambira mu 1972 adatenga magazi a ana 42,000 athanzi n'kumawatsatira. Amene pambuyo pake adadwala khansayi adali ndi zizindikiro zokwera za EBV kale asadayambe kutupa. Tinenenso kuti malire a mafiti 3,000 aja si mpanda. Adali chithunzi cha kumene malungo ankapha kwambiri mu 1961. Kulikonse kumene mwana akudwala malungo mobwerezabwereza, kaya ndi ku Machinjiri, Bangwe kapena m'mphepete mwa Nasolo ku Ndirande, nkhaniyi ikumukhudza, ndipo kachilombo ka HIV, kamene kamafooketsa asilikali omwe aja, kadaonjezera njira ina yofikira ku khansa yomweyi.

Burkitt sadali wongojambula mapu. Adali dokotala amene ana ankafera m'manja mwake, ndipo opaleshoni sinkathandiza chifukwa nthendayi imakhala itamwazikana kale. Ku Uganda kudalibe makina ootchera khansa. Iye adasandutsa umphawi umenewu kukhala mfundo yopemphera thandizo: adauza makampani opanga mankhwala kuti ana akewo sadalandirepo chithandizo china chilichonse, choncho mphamvu ya mankhwala awo idzaoneka poyera. Adalandira methotrexate, cyclophosphamide ndi vincristine mwaulere. Zotsatira zake zidadabwitsa dziko. Zotupa zimene zidapotoza nkhope zinkasungunuka m'masiku ochepa, ndipo ana ena adachiriratu atangolandira mankhwala kamodzi kapena kawiri. Liwiro lomwe limachititsa khansayi kukhala yoopsa ndilo limaigonjetsa, popeza mankhwalawa amakantha maselo amene akugawikana. Sadali yekha pa ntchitoyi. Peter Clifford ku Nairobi ndi Victor Ngu, dokotala wa ku Cameroon amene ankagwira ntchito ku Ibadan, adachita zofanana, ndipo mu 1972 Burkitt ndi Ngu adali m'gulu la olandira mphoto ya Lasker ku America.

Mankhwala omwewa ndiwo akhala msana wa chithandizo ku Gulupu, kumene kwa zaka zambiri khansa ya Burkitt yakhala yofala kuposa khansa ina iliyonse ya ana. Pansi pa utsogoleri wa Pulofesa Elizabeth Molyneux, mogwirizana ndi Pulofesa Peter Hesseling wa ku Stellenbosch, madokotala adayesa ndondomeko zosiyanasiyana zoyenerana ndi ana ofika atanyentchera komanso chipatala chosowa zipangizo. Imodzi mwa izo idali ya masiku 28, ya mankhwala osakwana madola 50 pa mwana, ndipo pafupifupi theka la anawo adali bwino chaka chitatha. Ku maiko olemera, kumene amapereka mankhwala amphamvu kwambiri pamodzi ndi chisamaliro chodula, ana 9 mwa 10 amachira. Mpata umenewu si wa mankhwala okha. Ana ambiri amafika mochedwa, atayamba azulidwa dzino poganiza kuti ndi chiseyeye, kapena atadikira kuti matsagwidi aphwa okha, kapena atatemeredwa mphini. Ena amathawa chithandizo chisadathe chifukwa mayi alibe ya basi, kapena kumudzi kwatsala ana ena ndi munda. Pa nthenda yowirikiza m'masiku awiri, sabata imodzi yodikira ndi yaitali. Ndipo si nthawi zonse pamene imayambira pa tsaya: mimba yotupa msanga, kapena miyendo yofooka mwadzidzidzi mwa mwana amene dzana ankathamanga, zikhoza kukhala nthenda yomweyi.

Burkitt adachoka ku Uganda mu 1966 n'kukagwira ntchito ku Medical Research Council ku London. Munthu wina akadakhala pansi n'kumadyerera dzina, koma iye adayamba nkhani ina. Atakumana ndi Peter Cleave, dokotala wa asilikali apamadzi amene ankanena kuti zakudya zoyeretsedwa ndizo gwero la matenda ambiri a azungu, adakumbukira kuti m'zaka 20 za ku Africa sadaone kawirikawiri khansa ya m'matumbo, apendikisi kapena kudzimbidwa kumene kudadzaza zipatala za ku Britain. Adabwerera ku njira yake yakale ya makalata opita ku zipatala za kumidzi, ndipo adafika poyeza kulemera kwa chimbudzi cha anthu a m'midzi ya mu Africa n'kuyerekeza ndi cha Angerezi. Mfundo yake idali yakuti azungu adalakwitsa pochotsa gaga m'zakudya zawo. Adalemba mabuku pamodzi ndi Hugh Trowell yemwe uja, ndipo buku lake la mu 1979, Don't Forget Fibre in Your Diet, lidagulidwa m'maiko ambiri. Zina mwa zimene adanena adazikokomeza, ndipo kafukufuku wa pambuyo pake adazichepetsa, koma phata lake lidaima. N'zoseketsa kuti pamene iye ankayenda dziko lonse kutamanda chakudya cha m'midzi yathu, ife m'tauni tinkathawa mgaiwa kuthamangira ufa woyera ndi buledi.

Mu 1972 adasankhidwa kukhala membala wa Royal Society, ulemu waukulu wa asayansi a ku Britain, ngakhale sadakhalepo ndi labotale yakeyake. Adakhalabe munthu wopemphera ndi wa moyo wosalira zambiri, ndipo adapitiriza kuyenda ndi kuphunzitsa mpaka atakalamba. Adadwala sitiroko ndipo adamwalira pa 23 March 1993 ku Gloucester, ali ndi zaka 82. Adaikidwa m'manda ku Bisley, kufupi ndi kumene ankakhala. Puloteni ya AID idatulukiridwa patapita zaka 6 iye atamwalira. Katemera wa malungo adayamba kuperekedwa kwa ana a m'dziko muno mu April 2019, Malawi kukhala dziko loyamba kutero, koma katemera wovomerezeka wa EBV sadapezekebe.